Tsache la Anachisale

Sabata ino chakwana chaka Anachisale atatisiya, ndiye mayi anga akuti ndilembe kanthu koti kawerengedwe kumpingo, poti ine ndi amene ndamaliza sukulu ndipo ndikungokhala panyumba kutha buledi wa anthu. Akuti ndilembe zoona zokhazokha. Ndavomera, koma dziwiranitu kuti amene anandipatsa dzina loti Namabodza ndi Anachisale omwewo. Dzina langa lenileni ndi Tadala. Sanalitchulepo ngakhale tsiku limodzi.

Sanali achibale athu. Anali mayi wamkulu wa kumpingo kwathu ku Gorbals, mumzinda wa Glasgow kuno ku Scotland, kwawo ku Dedza, wamfupi ngati fulasiki, koma mawu awo ankafika tsidya la mtsinje popanda foni. Ukawatcha agogo, ankakufunsa kuti mayi ako anawabereka liti iwowo. Ukawalankhula Chingerezi, makutu ankatseka pompo. Munthu woti ankamva pepala la switi likutsegulidwa kumbuyo kwa tchalitchi pakati pa pemphero, koma moni wa Chingerezi ayi, ugonthi weniweni. Chichewa mukuwerengachi ndi chawo. Zolakwikazo ndi zanga.

Zaka zambirimbiri ankasesa m'nyumba yakale yoonetsera kanema ku Shawlands, ija ya makatani ofiira ndi denga la maluwa agolide, imene inamangidwa agogo a agogo anu asanamere mano. Iwo ankaitcha bayisikopo. Makiyi ake ankamangirira kunsonga ya chitenje, pansi pa jekete yamvula, ndipo akamatsika basi mumawamva musanawaone.

Filimu sanaonerepo mpaka kumapeto, koma ankadziwa zonse. Ankati filimu imadziwika ndi zinyalala zake. Yachikondi imasiya matishu, yoopsa imasiya mbuliwuli zomwazika mpaka pakhomo, ndipo yabwino kwenikweni imasiya zakumwa zosatsegula. Za mizukwa ankaseka. Ankati wakufa sanamatepo chingamu pansi pa mpando, oopsa ndi amoyo.

Nkhondo yawo yaikulu inali ndi huva, makina aja osesera okoka fumbi. Manijala wa pamalopo, mnyamata wamtali wotchedwa Callum, amene iwo ankamuitana kuti Kalamu, anawagulira mahuva atatu. Onse atatu anakalamba ali m'katoni. Anachisale ankati chinthu chophokosera chonchija chikubisa kanthu. Iwo ankafuna tsache lakumudzi, ndipo aliyense wopita ku Malawi ankalamulidwa, osati kupemphedwa, kubwera nalo. Bambo anga, injiniya wathunthu wa tayi pakhosi, anaimitsidwapo pa eyapoti ndi matsache atatu m'sutikesi, n'kumafotokozera azungu kuti si mankhwala.

Tsopano chinsinsi. Ndikuuzeni pompano, chifukwa mwini wake wapita ndipo sangandikoke khutu.

Bayisikopo ija ili ndi mipando ina m'mwamba, yokwera ndi masitepe. Kumeneko kunatsekedwa kalekale chifukwa masitepewo anatopa. Anamanga chingwe, anaika chikwangwani, ndipo Kalamu ananena poyera kuti wantchito aliyense wopezeka atakwera kapena atakweza munthu, apereke makiyi tsiku lomwelo.

Mmawa wina Anachisale anapeza nkhalamba yachizungu itaima pa kakhomo kam'mbali, mvula ikuyitsanulira m'kolala. Anali a Hamish, amene kale ankayendetsa makina oonetsera filimu pamalo omwewo. Anawalowetsa, anawapatsa tiyi, ndipo mwa chizolowezi chawo anawafunsa mafunso zana limodzi asanameze. Zinadziwika kuti akazi awo, a Moira, ankagulitsa ayisikirimu m'mwambamo. Filimu ikayamba ankakhala pa mpando wakumapeto kupumitsa miyendo, pansi penipeni pa kazenera ka makina, ndipo a Hamish anathera zaka akuyang'ana liwombo la mtsikanayo asanalimbe mtima kumulankhula. A Moira anali atamwalira chaka chapitacho.

Anachisale anapepesa bwinobwino, kenako anafunsa kuti manda ali kuti. A Hamish anati kulibe. Mtembo anaotcha, phulusa ana anakaliwaza kunyanja, monga amachitira ambiri kuno.

Akuti Anachisale anakhala pansi, pa simenti.

"Ndiye mumakasesa kuti, achimwene?"

Anachisale anadzuka, anamasula makiyi, n'kunena kuti munthu sangakhale wopanda pomusesera, ndipo kuyambira lero manda a mayiwo ndi mpando uja. Basi. Loweruka lililonse thuu koloko, holo ilibe munthu, a Hamish ankakwera pang'onopang'ono ndi fulasiki yawo n'kukhala pa mpando woyandikana ndi wa akazi awo. Anachisale akamaliza zimbudzi ankawatsatira ndi tsache. Zaka zisanu ndi chimodzi, popanda aliyense wodziwa.

Koma sankangokwera ayi. Ankati pamalo pamene pali anthu, amoyo kaya ogona, sulowa ngati mbuzi. Ankaima pansi pa masitepe n'kuodira, ndipo a Hamish ankayenera kuyankha kuti lowani. Miyezi yoyamba nkhalamba ija inkangoti "aye", eya wa anthu akuno, ndipo Anachisale ankaima pomwepo osasuntha mpaka itayankha mwaulemu. Anaiphunzitsa mpaka mawuwo analowa m'mafupa. Sungani zimenezi, zibweranso.

Vuto linali kasesedwe kawo. Inu mukudziwa mmene mayi woleredwa bwino amasesera pabwalo: mowerama, dzanja lina kumsana, akubwerera cham'mbuyo, tsache likusiya mizere yokhota yokhota ngati mamba a nsomba, mapazi ake omwe akufufutika. Anachisale sankadziwa kusesa mwina. Ndiye tsiku lina Kalamu anakwera ndi munthu wodzaona denga, n'kupeza fumbi lofika m'maondo paliponse, koma mipando iwiri yowala ngati yatsopano, mozungulira muli mizere yokongola, yotsika mpaka masitepe onse, popanda phazi ngakhale limodzi. Anajambula. Pofika madzulo chithunzicho chinali m'foni ya aliyense mu Glasgow, mpaka ana osabadwa.

Kalamu anawafunsa Anachisale ngati anaonapo mzukwa. Iwo bodza sankanena, ankangolizungulira.

"Mzukwa sindinauonepo, Kalamu mwanangu. Koma amene akusesa ukoyo analeredwa bwino."

Kenako kunabwera osaka mizukwa. Inde, kuno kuli anthu aakuluakulu, a ntchito zawo ndi ana awo, amene Loweruka amanyamula matochi kukafunafuna akufa. Anagwirizana ndi Kalamu kuti abwere sikisi koloko madzulo, ndipo akwere awiriawiri, iye ali patsogolo. Linali Loweruka la mu Disembala, ndipo mwatsoka linali tsiku lenilenilo limene a Moira anamwalira. Anachisale anawerengetsa kuti a Hamish akwera thuu, atsika folo, iwo asesa, osaka apeza kuli zii. Chimene sanadziwe n'choti anthu aja anapempha kufika msanga kuti akonze makamera. Anafika hafu pasiti fili. Mu Disembala nthawi imeneyo kuno dzuwa limakhala litaweruka kale.

Mudzifunsa kuti ine ndikudziwa bwanji. Ndinali m'gululo. Kunyumba ndinanena kuti ndikupita ku kwaya. Mayi, mukamawerenga pano kumpingo, pitirizani, tikambirana kunyumba.

Tinalowa anthu khumi ndi awiri. Patsogolo panali mtsogoleri wathu, bambo wandevu zofika pamchombo, atanyamula kabokosi kamene akuti kamayaka magetsi mzukwa ukayandikira. Anachisale anatuluka kuzimbudzi ndi ndowa. Anaona gulu, anaona masitepe, kenako anandiona ine. M'moyo wanga sindinaonepo nkhope ikuwerenga masamu mwachangu chonchija. A Hamish anali m'mwamba. Foni anali nayo, koma inkakhala kunyumba m'dilowa kuti isathe. Akapezeka, iwo sadzakweranso kwa akazi awo, ndipo makiyi achoka pa chitenje.

Anandiyandikira akumwetulira azunguwo, n'kulankhula Chichewa chapansipansi.

"Namabodza, kwaya yasamukira kuno?"

"Ndimangodutsa, Anachisale."

"Chabwino. Ine sindinakuone. Iwenso zimene uone lero sunazione. Tseka kamwa, ntchentche zingalowe."

Kenako anakaima pa chingwe cha masitepe, ndowa kutsogolo, munthu wamfupi ngati fulasiki kutsekereza anthu khumi ndi awiri ndi manijala wawo. Chingerezi chija chimene sankachimva chinatuluka chonse, choyera, cha mabuku. Anati iwo sakuletsa, koma kwawo wakufa ndi munthu wamkulu. Sumuwalitsa tochi kumaso, sumulamula kuti agogode katatu ngati mwana wa sukulu, ndipo supita kwa iye ndi njala chifukwa mimba yolira imamusokoneza. Anatulutsa kontena ya mandasi imene anakonzera a Hamish n'kugawa mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, aliyense alandire ndi manja awiri. Wolandira ndi dzanja limodzi ankabwereza.

Maganizo awo anali oti a Hamish amve phokoso n'kutsika pa kamasitepe kakumbuyo ka kuchipinda cha makina, kamene ankakadziwa ngati m'thumba mwawo. Ndiye anakweza mawu, anagwetsa ndowa dala, anakhosomola ngati thirakitala. M'mwamba kunali zii. Kenako kunamveka kaphokoso kotsika, kokoka, kakubwera n'kupita. Wandevu anakweza chala, maso ali tong'o.

"Mwamva? Ukupuma."

Unali mkonono. Nkhalamba inali itagona.

Mandasi anatha. Wandevu anayamba kumasula chingwe. Anachisale anati dikirani, chatsala chimodzi, chachikulu: kupempha njira. Aliyense agwade. Ndikulumbira, ndinaona ndi maso anga awa azungu khumi ndi mmodzi, wina dotolo wa mano, atagwada pa kapeti akuphunzira kuomba m'manja mwaulemu, manja opindika, kuti phu, phu, phu. Anawabwerezetsa kasanu, akuti akuomba ngati ali ku mpira. Kalamu yekha anaima pambali atapinda manja, akuwayang'ana Anachisale mokayika.

"Tsopano nonse pamodzi, mokweza, kuti amve ngakhale ogona tulo. Munene kuti odi."

Iwo ankafuna kungowadzutsa a Hamish. Anaiwala ntchito ya manja awo ya zaka zisanu ndi chimodzi.

Tinakuwa tonse kuti odi, mpaka fumbi linagwa kudenga. Mkonono unaduka. Panadutsa kamphindi. Kenako kuchokera mumdima wam'mwamba munatsika mawu a nkhalamba, okhuthala ndi tulo, aulemu wake wonse.

"Lowani."

Zimene zinachitika pamenepo sizinachitikepo mu Scotland chiyambire. Dotolo wa mano anadumpha mizere itatu ya mipando osaikhudza. Kabokosi ka magetsi kanauluka. Wandevu anafika ku Gorbals wapansi basi isanafike, ndipo nsapato yake imodzi ilipobe mu ofesi. Ine sindinathawe. Ndinangofuna kukaona mwachangu ngati kunja kukugwa mvula, koma Anachisale anandigwira chipewa cha jekete, miyendo yanga n'kumathamanga pamalo amodzi.

Tinatsala atatu. Kalamu anali woyera kuposa mmene analili kale, koma sanathawe. Anayatsa tochi.

"Mayi Chisale, mzukwa umenewu ndikuudziwa mawu."

Anakwera, ife pambuyo. Tinapeza a Hamish atakhala bwinobwino, bulangeti pamaondo, fulasiki pambali, ndipo pa mpando wa a Moira pali kankhata ka maluwa a pulasitiki. Anaphethira m'kuwala kwa tochi n'kufunsa ngati mandasi afika.

Apa sindikokomeza, chifukwa sipakufunika. Anachisale sanadikire kufunsidwa. Anakweza jekete, anamasula mfundo ya chitenje ndi mano chifukwa inali italimba zaka zonsezo, anagwada pa fumbi n'kupereka makiyi kwa Kalamu ndi manja awiri. Anati wolakwa ndi iwo, lamulo ankalidziwa, ndipo achimwenewa asakalipiridwe chifukwa anabwera kumanda kwa akazi awo. A Hamish anayesa kudzuka kuti alankhule, Anachisale anawauza kuti akhale pansi, akulu akulankhula. Chonsecho wamkulu anali a Hamish.

Kalamu anamva nkhani yonse ataima, makiyi m'manja. Anayang'ana kazenera ka makina, anayang'ana mpando, anapukuta mphuno n'kunena kuti ndi fumbi. Kenako anawabwezera makiyi. Koma anati masitepewo ndi oopsadi, si nkhani yamasewera, ndipo sangalole kuti nkhalamba ziwiri zidzathyoke m'chiuno iye akudziwa. Kukwera kwatha lero.

A Hamish anangogwira mkono wa mpando uja. Ine ndinaganiza kuti basi, zathera pomwepa. Koma Anachisale anali asanamalize.

"Kalamu, mipandoyi inamera kapena anaimanga ndi mabawuti?"

"Ndi mabawuti."

"Ndiye vuto lili pati? Kwathu msewu ukamadutsa pamanda, timasamutsa. Bola mwaulemu."

A Hamish anayamba kukana. Anati pansi si pamalo pake, kazenera sikaoneka. Anachisale anawafunsa kuti mayi amene anakwera masitepe amenewa zaka zonse zija atanyamula thileyi ya ayisikirimu, akufuna azikwerabe mpaka liti? Apumitseni miyendo. Nkhalamba ija inaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti Moira akanati chimodzimodzi, koma ndi mawu oipa.

Loweruka lotsatira kunali mwambo umene bayisikopo ija sinauonepo. Bambo anga anabwera ndi masipanala. Iwo ndi Kalamu anasankhidwa kukhala adzukulu, ndipo analetsedwa kuseka kapena kutukwana bawuti. Amayi a kumpingo anabwera asanu ndi atatu, zitenje zofanana, n'kuima m'munsi akuyimba, mipando iwiri ikutsika masitepe pang'onopang'ono itakutidwa nsalu yoyera, a Hamish akudikira pansi mu suti. Abusa atamva, anakangana ndi Anachisale milungu itatu kuti mpando si manda. Iwo anawayankha kuti manda ndi pamene munthu amakulirira, ndipo ngati abusa ali ndi adiresi ina ya a Moira aipereke. Abusa anasintha nkhani.

Mipandoyo anaimanga kumbuyo kwa holo, pakona pafupi ndi khomo, ndipo sigulitsidwa kwa aliyense. Wandevu mpaka lero sakhulupirira za a Hamish. Akuti mawu amene anamva sanali a munthu wamoyo, ndipo anzanga amene amapitabe kosaka akuti kulikonse kumene gulu lake lapita, kaya kundende yakale kaya kunyumba ya mafumu, amayamba wagwada n'kuomba m'manja.

Anachisale anadwala masabata ochepa chabe. Kuchipatala anakangana ndi aliyense wokolopa, akuti akungonyowetsa dothi. Anali ataneneratu kuti iwo za phulusa ayi, akagone kwawo ku Dedza pafupi ndi mayi awo, ndipo mpingo unachita momwemo. Pa maliro, poti kufulati kulibe bwalo, azibambo anakhala pa masitepe a panja pa chitseko. A Hamish anakhala nawo tsiku lonse, suti yomweija, akuyankha lowani kwa aliyense woodira. Bokosi litanyamuka kupita ku eyapoti, a Hamish anandikoka mkono.

"Tadala, Dedza ndi kutali?"

"Kutali kwambiri."

"Ndiye ine ndizikasesa kuti?"



Dzulo linali Loweruka, ndiye ndinapita thuu koloko. Wosesa watsopano ndi munthu wabwino, wa huva, koma Kalamu anamuuza kuti pakona paja asafikepo. Ndinaima pakhomo n'kuodira, ndipo a Hamish anayankha. Masiku ano amakhala pa kampando kopinda kamene amabwera nako, chifukwa akuti mipando iwiri ija yonse ili ndi eni ake. Pa wa a Moira pali kankhata kaja. Winawo, umene Anachisale anazolowera kupumirapo mipandoyo itatsitsidwa, ndi wopindika, ndipo kutsogolo kwake pali katoni ya huva imene ankapondapo chifukwa miyendo sinkafika pansi. Pa mkono wake pali kapu ya tiyi wa masupuni atatu a shuga, akuzizira, zinthu zoti mwini wake akanakalipa kuti shuga sasewera naye. Tsache latsamira khoma, latha mpaka latsala ngati burashi yometera. Pa kapeti yofiira pali mizere yokhotakhota, ina yaikulu ina yaing'ono, ina yolowera kolakwika, chifukwa maondo a Hamish sadziwa kubwerera cham'mbuyo. Pakati pa mizereyo pali mapazi a nsapato zazikulu, oonekera bwinobwino, opita ndi obwerera.